Chipsera, khoma ndi diresi: mmene Ishiuchi Miyako amajambulira zotsala za nkhondo

Ishiuchi Miyako, wojambula zithunzi wa ku Japan, sanajambulepo msilikali ali kunkhondo, bomba likuphulika kapena mtembo uli mumsewu. Anabadwa mu Malichi 1947, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kale, ndipo kamera anayamba kuigwira ali ndi zaka 28. Koma pakakambidwa za zithunzi zoonetsa zimene nkhondoyo inasiya ku Japan, dzina la mayiyu silisowa. Amajambula zinthu zimene ambirife tingazipitirire osacheuka n'komwe: khoma losupuka penti, chidendene chochita ming'alu, chipsera cha opaleshoni pamimba, lipisitiki yotsala kachidutswa, diresi limene mtsikana wina anavala m'mawa wa pa 6 Ogasiti 1945 ku Hiroshima, tsiku limene America inaponya bomba la atomiki pamzindawo.

Zonsezi zikumangidwa ndi ganizo limodzi limene iye wakhala akulibwereza kwa zaka zambiri, loti kamera singajambule dzulo. Imangotenga chimene chili patsogolo pake panthawiyo. Ndiye wofuna kuonetsa zakale ayenera kufunafuna pamene zakalezo zinakakamira ndipo zikadalipo, ndipo kwa Ishiuchi malo amenewo ndi pakhungu ndi pa zinthu zimene zinakhudzana ndi khungu. Mbiri ya nkhondo tinazolowera kuimva m'manambala, m'mayina a akuluakulu a asilikali ndi m'mapangano. Iye amaitsitsa mpaka ifike pathupi la munthu mmodzi. Chifukwa chake sichingamveke tikapanda kuyambira kutauni imene anakulira, imenenso ankadana nayo.

Yokosuka

Anabadwira m'chigawo cha Gunma, cha ku Kiryu, kumene anthu akhala akuwomba nsalu za silika kwa zaka mazanamazana. Mu 1953, ali ndi zaka 6, banja lawo linasamukira ku Yokosuka, doko la kumwera kwa Tokyo, kumene bambo ake ankagwira ntchito. Yokosuka si doko wamba. Pafupi pomwepo, ku Kurihama, ndi pamene Matthew Perry wa ku America anatsikira mu 1853 pofuna kuumiriza Japan kuti itsegule madoko ake. Kenako boma la Japan linamangapo malo aakulu okhomera sitima zankhondo. Dzikolo litagonja mu Ogasiti 1945, asilikali a America analanda dokolo, ndipo mpaka lero sanachokepo. Ndi pamene pali likulu la gulu lawo la sitima zankhondo lotchedwa Seventh Fleet.

Ulamuliro wa America pa Japan unatha mu Epulo 1952, koma pangano la chitetezo limene linasainidwa pamodzi ndi la mtendere linalola kuti misasa ya asilikali itsale. Choncho kwa mwana wa ku Yokosuka, kunena kuti nkhondo inatha kunali kovuta kukhulupirira. Ya ku Korea inkatha chaka chimene iye ankafika, ya ku Vietnam inali m'njira, ndipo sitima ikangokocheza, anyamata ambirimbiri okhala ndi madola m'thumba ankakhuthukira mumsewu wa Dobuita, wodzaza ndi malo omwera mowa, ovinira ndi ogulitsirako thupi. Atsikana a m'tauniyo ankauzidwa kuti asapondeko. Tauni inkadya za msasawo kwinaku ikuuopa. America yemweyo ndiye ankabweretsa nyimbo zatsopano, majinzi ndi chokoleti, yemweyonso ndiye ankabweretsa mantha. Ishiuchi anachokako mu 1966 alibe mtima wodzabwererako.

Anakalowa pa Tama Art University ku Tokyo, kumene anaphunzira kuwomba ndi kunyika nsalu, koma anasiyira panjira mu 1970. Inali nyengo imene ophunzira ankatseka makoleji pokana pangano la chitetezo lija ndi nkhondo ya ku Vietnam, ndipo naye anali m'gulumo. Zojambula sanaziphunzire m'kalasi. Cha mu 1975 anapatsidwa zipangizo zotsukira zithunzi zimene mwini wake sankazigwiritsanso ntchito, n'kuziika m'nyumba ya makolo ake ku Yokohama. Chimene chinamukoka poyamba ndi chipinda chamdimacho. Kamera inabwera pambuyo.

Apa pafunika kufotokoza pang'ono, poti ambiri masiku ano chithunzi amachidziwira pafoni. Filimu ya zithunzi zopanda mitundu imakhala yopakidwa timchere ta siliva. Kuwala kukaigunda, n'kuiviika m'mankhwala, timchereto timasanduka timadontho takuda, ndipo chithunzi chonse ndi timadontho timeneti titaunjikana. Wofuna chithunzi chosalala amayesetsa kuti timadonthoto tisaoneke. Ishiuchi ankachita dala zosiyana. Ankasiya filimu m'mankhwala ofunda kwa nthawi yaitali kuti timadontho tikule, kenako n'kusindikiza pa mapepala akuluakulu, moti thambo la ku Yokosuka limatuluka lakuda bii, lokhakhala, lolemera. Iye amati ntchito imeneyi inkamukumbutsa kunyika nsalu: madzi, mankhwala, manja onyowa, ngakhale fungo la asidi amene amagwiritsidwa ntchito pa zonse ziwiri. Kuyambira pachiyambi chithunzi kwa iye chinali chinthu chogwirika, chokhala ndi khungu lakelake.

Mu 1976 ndi 1977 anabwerera ku Yokosuka ndi kamera. Zimene anajambula anazitcha Yokosuka Story, dzina la nyimbo imene inali itatchuka mu 1976, ndipo posindikiza anagwiritsa ntchito ndalama zimene bambo ake anamusungira za ukwati. Muli misewu yopanda anthu, tinyumba tothithikana m'mbali mwa mapiri, mawaya a magetsi, zikwangwani za Chingerezi. Zithunzi zambiri n'zopendekeka, ngati wojambulayo sakufuna kuima nthawi yaitali pamalopo.

Tauniyi inali itajambulidwa kale ndi amuna otchuka. Tomatsu Shomei anazungulira matauni a misasa ya America kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Moriyama Daido anatchuka ndi zithunzi za ku Yokosuka komweko mu 1965. Kajambulidwe kokhakhala ndi kogwedezeka kanali katafala kale chifukwa cha magazini ya Provoke ya mu 1968 ndi 1969. Woyang'ana mothamanga angati Ishiuchi ankangotsanzira. Kusiyana kuli pamene wojambula waima. Amuna aja ankabwera kudzaona America ali panthaka ya Japan, n'kubwerera kwawo. Kwa iwo mkazi wa mumsewu wa Dobuita anali chizindikiro cha dziko logonja. Kwa Ishiuchi anali munthu amene iye mwini akanatha kukhala. N'chifukwa chake zithunzi zake sizisangalala ndi chipwirikiti cha m'tauniyo. Zili ndi mkwiyo wa munthu amene anakulira momwemo. Mu 1981 anachita lendi nyumba ina yakale yovinira m'dera la Dobuita, n'kupachikamo zithunzi zake kuti eni dera, pamodzi ndi asilikaliwo, adzazione.

Makoma

Ntchito yachiwiri, Apartment, ndi ya nyumba zakale za lendi zofanana ndi imene banja lawo linkakhala litangofika ku Yokosuka: chipinda chimodzi, chimbudzi chogawana ndi oyandikana nawo. Makonde amdima, masitepe operepeseka, nsapato pakhomo, makoma othimbirira ndi utsi ndi manja a anthu. Nthawiyo Japan inali italemera kale. Inali itachititsa masewero a Olympics mu 1964, sitima zake zothamanga kwambiri zikutchuka dziko lonse, ndipo nyumba zotere zinali zochititsa manyazi, zoyembekezera kugwetsedwa. Ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya Kimura Ihei mu 1979, ndipo anali mkazi woyamba kuilandira.

Yachitatu, Endless Night, ndi imene imaonetsa bwino mmene iye amaganizira. Anayendayenda m'mizinda ya ku Japan kufunafuna nyumba zimene kale zinali za uhule. Mbiri yake ndi yowawa. Patangopita masiku ochepa Japan itagonja, boma la Japan lenilenilo linakonza bungwe lotchedwa Recreation and Amusement Association, lotsegula nyumba zoti asilikali a America azipezamo akazi. Ganizo lake linali loti akazi osauka akhale mpanda wotchinjiriza ana aakazi a mabanja olemekezeka. Nyumba za bungweli zinatsekedwa mu Malichi 1946 matenda opatsirana atafala, koma malonda anapitirira m'madera ololedwa ndi apolisi mpaka lamulo loletsa uhule la mu 1956 litayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1958. Pofika nthawi imene Ishiuchi ankajambula, kuyambira 1978 mpaka 1980, zina mwa nyumbazo zinali zogona alendo, zina za lendi, zina mabwinja.

Akazi aja mulibe m'zithunzizo. Muli makomo awo. Matailosi okongoletsedwa polowera, zenera losemedwa ngati mtima, masitepe amene anadyeka pakati chifukwa cha mapazi okwera ndi kutsika, penti yofufuma n'kusupuka. Ena angati uku n'kuzemba nkhani. Ine ndimaona kuti ndi ulemu. Wojambula akanatha kufunafuna gogo wina amene anagwirako ntchito, n'kuika nkhope yake pachikuto cha buku, ndipo bukulo likanagulidwa kwambiri. Ishiuchi anasiya nkhope za akaziwo pamtendere, n'kuonetsa chimene chinawatsekera.

Zaka 40

Atakwanitsa zaka 40 anatembenukira kuthupi la munthu. Anasonkhanitsa akazi 50 obadwa chaka chimodzi ndi iye, n'kujambula manja ndi mapazi awo pafupi kwambiri. Ntchitoyo, imene inatuluka mu 1990, anangoitcha 1·9·4·7. Chaka chimenechi chili ndi tanthauzo ku Japan: malamulo atsopano oyendetsera dziko, okana nkhondo ndi opatsa akazi ufulu wofanana ndi amuna, anayamba kugwira ntchito pa 3 Meyi 1947. Akazi amenewa ndi mbadwo woyamba wa Japan watsopanoyo. Koma chimene timaona ndi zikhadabo zokhuthala, zikang'a kuphazi, makwinya m'mfundo za zala, mphete yolowerera m'mnofu. M'dziko limene magazini ankadzaza ndi matupi osalala a atsikana, kukulitsa chidendene cha mayi wa zaka 40 kuti chidzaze khoma kunali kunena chinthu mokweza.

Kenako anajambula khungu la Ohno Kazuo, katswiri wa gule wa ku Japan wotchedwa butoh, wobadwa mu 1906, amene anatha zaka 9 ali msilikali ku China ndi ku New Guinea. Ndipo kuyambira 1991 anayamba ntchito yaitali ya zipsera, Scars. Chithunzi chilichonse chimangolembedwa chaka ndi choyambitsa: matenda, ngozi, nkhondo. Nkhope palibe. Iye amaona kuti chipsera ndi chithunzi n'zapachibale, poti zonse ndi chizindikiro chooneka lero cha chinthu chimene chinachitika kamodzi n'kupita. Koma chipsera chili ndi china chimene chithunzi chilibe. Bala limapola pokhapokha munthu akakhala moyo. Wakufa sachita chipsera.

Za amayi

Dzina loti Ishiuchi Miyako si limene anabadwa nalo. Iye ndi Fujikura Yoko. Poyamba kuonetsa zithunzi anatenga dzina lonse la amayi ake la pautsikana, ndipo ndi limene dziko likumudziwa nalo. Chodabwitsa n'choti awiriwa sankamvana kwenikweni. Mwana ankagwirizana kwambiri ndi bambo ake, ndipo iye ndi amayi anayamba kuyandikana bambowo atamwalira mu 1995.

Moyo wa amayiwo pawokha ndi mbiri ya Japan ya nthawi ya nkhondo. Anabadwa mu 1916 kumudzi ku Gunma. Anatenga laisensi yoyendetsera galimoto ali ndi zaka 18, chinthu chosowa kwa mkazi nthawi imeneyo. Anapita ku Manchuria, dera la China limene Japan inalanda mu 1931, n'kukwatiwa komweko. Mwamuna wawo anatengedwa kunkhondo, kenako kunamveka kuti wafa. Atabwerera ku Gunma ankayendetsa lole yonyamula katundu wa asilikali, ndipo anakumana ndi mnyamata wophunzira, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zingapo. Nkhondo itatha, mwamuna woyamba uja anatulukira ali moyo. Iwo anasankha kuthetsa ukwati woyambawo, ali ndi pakati pa Yoko.

Amayiwa ankachita manyazi ndi kamera, koma ali ndi zaka 84 analola kuti mwana wawo ajambule chipsera chachikulu cha moto chimene chinali pathupi lawo. Chaka chomwecho, kumapeto kwa 2000, anamwalira. Thupi linawotchedwa monga mwa mwambo wa ku Japan, ndipo Ishiuchi anatsala ndi madirowa odzaza.

Kwathu kuno zovala za malemu zimagawidwa kwa abale maliro akatha, ndipo amene analandirapo chitenje cha amayi ake amadziwa kulemera kwake. Koma pali zina zimene palibe amazifuna, ndipo palibenso amafuna kukhala wozitaya: zamkati, chipeso chokhala ndi tsitsi, mano oikirira. Zimenezi ndi zimene Ishiuchi anajambula. Ankatenga pitikoti kapena kamisolo ya lesi, n'kuimata pagalasi la zenera kuti kuwala kudutsemo. Nsalu yopyapyalayo imaoneka ngati ikadali ndi maonekedwe a thupi limene linkaivala, yotanuka m'chiuno, yofota m'mapewa. Malipisitiki anawajambula ndi filimu ya mitundu, atawakulitsa kwambiri, moti umaona mmene uliwonse unathera mopendekera mbali imodzi, malinga ndi mmene dzanja la mwini wake linkaupititsira pamlomo tsiku ndi tsiku. Palibe fakitale imene ingapange nsonga yotero. Inapangidwa ndi mlomo umodzi wokha padziko lonse.

Ntchitoyi, Mother's, ndi imene inaimira Japan pa chionetsero chachikulu cha Venice Biennale mu 2005. Pakati pa zithunzizo anaikapo chimodzi chimene sanajambule yekha, chakale, choonetsa amayiwo ali mtsikana, ataima monyadira pambali pa galimoto. Apa mwana ankakumana ndi munthu amene sanamudziwe: mkazi wokonda zovala zokongola, wodziyendetsera moyo wake, amene analipo asanakhale mayi wa wina aliyense.

Hiroshima

Chifukwa cha Mother's, kampani yosindikiza mabuku ya Shueisha inamupempha kuti akajambule ku Hiroshima. Anapita mu 2007, ndipo kanali koyamba kupondako. Ankaona ngati zonse zinajambulidwa kale.

Sanalakwitse kwenikweni, ngakhale zithunzi za Hiroshima zinachedwa kuonekera. Bomba linaphulika 8:15 m'mawa, ndipo pofika kumapeto kwa 1945 anthu pafupifupi 140,000 anali atafa. Tsiku lenilenilo, wojambula wa nyuzipepala Matsushige Yoshito anatha kujambula zithunzi zisanu zokha mumzindamo. Kuyambira Seputembala 1945 akuluakulu a America anaika malamulo okhwima pa zofalitsa nkhani, ndipo anthu ambiri a ku Japan anaona koyamba matupi opserera m'magazini ya Asahi Graph ya pa 6 Ogasiti 1952, ulamulirowo utatha. Pambuyo pake Domon Ken anatulutsa buku mu 1958 loonetsa opulumuka ali m'chipatala, madokotala akuwamata khungu. Tomatsu anapita mu 1961 ku Nagasaki, kumene kunagwa bomba lachiwiri, n'kujambula wotchi imene inaima pa 11:02, nthawi imene bombalo linaphulika, ndi botolo losungunuka. Tsuchida Hiromi anajambula zinthu za m'nyumba yachikumbutso mwadongosolo, chilichonse ndi mawu ofotokoza mwini wake ndi mtunda umene anali kuchokera pamene bomba linaphulikira. Zonsezi zinali zithunzi zopanda mitundu, ndipo ntchito yake inali ya umboni. Zinafunika kutero, chifukwa panali anthu ofuna kuti nkhaniyo iiwalike.

Koma umboni ukabwerezedwa kwa zaka 60, maso amauzolowera. Anthu a ku Hiroshima anasanduka gulu limodzi lotuwa, lotchedwa ovutika, ngati kuti anabadwira kudzafa tsiku limenelo.

Hiroshima Peace Memorial Museum, imene inatsegulidwa mu 1955, inali ndi zinthu pafupifupi 19,000 nthawi imene Ishiuchi ankafika, zambiri zoperekedwa ndi mabanja. Iye anasankha zokhazo zimene zinakhudza khungu la munthu: madiresi, mabulauzi, mayunifolomu a sukulu, masokosi, magalasi a maso, zipeso, nsapato. Zina anaziyala patebulo lowala kunsi, zina pafupi ndi zenera. Anagwiritsa ntchito kamera yaing'ono yogwira pamanja, ndipo asanajambule ankayamba wakonza kolala, kuwongola mkono, kutambasula siketi, kuti chovalacho chioneke mmene mwini wake akanafunira. Amati amazipatsa moni.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi mitundu. Tengani diresi limodzi mwa amenewo, la silika wopyapyala kwambiri. Kuwala kukadutsamo umaona ulusi uliwonse, msoko wosokedwa pamanja, timapindo ta pachifuwa, mabatani aang'ono amene wina anasankha mosamala. Kenako diso limatsikira kumene nsalu inanyenyeka, ndi pa madontho abulauni amene sitifunika kuuzidwa kuti ndi chiyani. Munthu wophunzira za nsalu, wobadwira kudera la silika, ankatha kuwerenga zovalazi mmene ena sakanathera: kuti ichi chinasokedwa kunyumba, kuti ichi chinadulidwa kuchokera ku kimono yakale (mkanjo wachikhalidwe wa ku Japan), kuti apa anaikapo chigamba mwaluso.

Izi zili ndi tanthauzo chifukwa boma la nthawi ya nkhondo linkalalikira kuti kudzikongoletsa ndi udani ndi dziko. Akazi ankayenera kuvala mabuluku otakasuka ogwirira ntchito otchedwa monpe. Koma zovala zotsalazi zikuonetsa kuti ena ankavalabe diresi la maluwa, mwina mkati mwa monpe momwemo. Ambiri mwa eni mayunifolomu anali ana a zaka 12 ndi 13, amene m'mawa umenewo anatumidwa pakati pa mzinda kukagwetsa nyumba kuti pakhale mipata yotchinga moto, ndipo anafa zikwizikwi. Makolo ankayenda m'mabwinja kufunafuna, ena n'kupeza mwana akupumabe, ena n'kungopeza malaya okhala ndi dzina limene iwo eni analisokerera. Malaya amenewo anachapidwa, kupindidwa ndi kusungidwa kwa zaka makumimakumi asanaperekedwe. Zithunzi za Ishiuchi zimaonetsanso zimenezo, mizere ya mapindo a m'dirowa.

Pachionetsero sazindandalika mumzere umodzi. Zina zimakhala m'mwamba, zina m'munsi, zina zazikulu, zina zazing'ono, ndipo palibe mawu ofotokoza nkhani ya mwini chovala. Pamangokhala nambala ndi dzina la amene anachipereka. Buku linatuluka mu 2008. Mu 2012 nyumba yachikumbutso ya Frida Kahlo, mayi wojambula ndi penti, ku Mexico City inamuitana kuti akajambule zovala, nsapato ndi zomangira msana za wojambula ameneyo, zimene zinatsekeredwa m'bafa mpaka 2004. Mu 2014 analandira mphoto ya Hasselblad ya ku Sweden, ndipo mu 2015 J. Paul Getty Museum ya ku Los Angeles inaonetsa ntchito zake, kuphatikizapo za Hiroshima, patatha zaka 70 dziko lomwelo la America litaponya bombalo.

Kodi n'zololeka kuti zikongole?

Funso limeneli lamutsatira kuyambira pachiyambi. Ena amati kusandutsa chovala cha mwana wopserera kukhala chinthu chokongola chopachika pakhoma n'kupeputsa imfa yake. Yankho lake limakhala loti zovalazo zinali zokongola kuposa pamenepa bomba lisanagwe, ndipo iye sanawonjezerepo kanthu. Pamenepa ndili naye. Chithunzi choopsa chimatipangitsa kuyang'ana kumbali, ndipo tikayang'ana kumbali timadziuza kuti izi zinagwera anthu ena, achilendo, akalekale. Diresi lokongola limatikokera pafupi. Mtsikana wa lero amayamba waganiza kuti akanalivala, ndipo akamafika pa madontho aja amakhala atamudziwa kale mwini wake ngati mnzake. Ululu wake umalowa mozama chifukwa cha kukongolako.

Pali funso lina lolemera kwambiri, ndipo ili sindikuganiza kuti zithunzizo zimaliyankha pazokha. Japan yakhala ikudzudzulidwa, makamaka ndi China ndi Korea, kuti imakumbukira nkhondo ngati tsoka limene linaigwera, n'kuiwala kuti inali yoyambitsa. Hiroshima unali mzinda wa asilikali, ndipo padoko lake la Ujina ndi pamene magulu ankhondo ankakwerera sitima kupita kukamenya maiko ena. Ku Nanjing mu 1937 asilikali a Japan anapha anthu wamba ochuluka zedi. Pakati pa ofa ndi bomba panali anthu a ku Korea zikwi zambiri, ena obweretsedwa mokakamiza kudzagwira ntchito, ndipo chipilala chowakumbukira, chomangidwa mu 1970, chinakhala kunja kwa paki ya mtendere yokumbukira ofa ndi bomba mpaka 1999. Ife nkhondo imeneyo inatikhudzanso: asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles ndi anzawo a ku Northern Rhodesia anamenyana ndi asilikali a Japan m'nkhalango za ku Burma mu 1944, ndipo ena sanabwerere. Diresi lopachikidwa popanda mawu silinena chilichonse mwa zimenezi, ndipo wofuna kuona Japan ngati mtsikana wosalakwa angathe kuligwiritsa ntchito motero.

Chimene chimanditsimikizira kuti Ishiuchi sali m'gulu limenelo ndi ntchito yake yonse ikaonedwa pamodzi. Amene anajambula madiresi a ku Hiroshima ndi yemweyo anajambula makomo a nyumba zimene boma ndi apolisi a dziko lake analola kuti akazi osauka azigulitsidwiramo. Ndi yemweyo anaika pa chionetsero cha ku Venice mayi amene anakakhala m'dera lolandidwa la Manchuria n'kuyendetsa lole ya asilikali. Mwa iye mulibe dziko loyera. Muli maboma awiri, la Japan ndi la America, ndi matupi, makamaka a akazi ndi ana, amene zosankha za mabomawo zinatsikirapo. Komabe woonera ayenera kubwera ndi mbiriyo m'mutu mwake, chifukwa zithunzi sizimupatsa.

Nkhaniyi ikukula kufunika chifukwa mboni zikutha. Bungwe la opulumuka mabomba, Nihon Hidankyo, linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2024, koma pofika Malichi 2025 opulumuka olembedwa ndi boma anatsika kwa nthawi yoyamba kufika pansi pa 100,000, ndipo ambiri apitirira zaka 80. Abale amene ankasunga malaya m'dirowa nawonso akukalamba, ndipo poopa kuti adzukulu adzazitaya osadziwa, akuzipereka kunyumba yachikumbutso ija. Chifukwa cha ichi zinthu zatsopano zikufikabe chaka ndi chaka. Ishiuchi, amene mu 2018 anabwerera kukakhala ku Kiryu, wakhala akupita ku Hiroshima kukajambula zongofika kumenezo, ndipo manambala a zithunzi za ntchitoyi anadutsa kale 100.